Ophunzira udotolo wa mano akufikira anthu osowa pokhala ku Plymouth

Munthu wogona pakhonde la sitolo sasowa denga lokha. Ngakhale mswachi ndi madzi otsukira mkamwa zimamuvuta kupeza. Mano amabooka, nkhama zimatupa, ndipo kafukufuku wa bungwe la Groundswell mu 2017 adapeza kuti anthu 15 pa 100 alionse omwe adafunsidwa ku London adadzizulapo okha dzino.

N'chifukwa chake sukulu ya Peninsula Dental School, ya yunivesite ya Plymouth ku England, imatumiza ophunzira kumalo osungirako anthuwa kukaphunzitsa kasamalidwe ka mkamwa. Mu 2018 kudatsegulidwanso kiliniki yowathandiza mwaulere.

Kukiliniki imeneyi, madotolo amapima, kumata ndi kuzula mano. Vuto lalikulu n'lakuti wodwala wosadziwa komwe agone mawa amaphonya tsiku lobwereranso, choncho ogwira ntchito kumalo osungirako aja ndiwo amamukumbutsa, nthawi zina kumuperekeza kumene.