Masamu a Sitandade 8 pa dzenje la njerwa

Aliyense amene anakonzekerapo mayeso a Sitandade 8 amalikumbukira funso ili. Bambo wina amaumba njerwa za nyumba imodzi m'masiku 6, mnzake m'masiku 12. Akagwirira limodzi atenga masiku angati? Mwana wochenjera amayamba ndi ntchito ya tsiku limodzi: woyamba amatha 1/6, wachiwiri 1/12, onse awiri 1/4. Yankho ndi masiku 4, aphunzitsi n'kuchonga.

Yankho lomwelo mupite nalo kudambo mwezi wa Julayi, oumba njerwa ali kalikiliki, muone ngati angakuvomereni.

Njerwa imodzi imadutsa m'manja ambiri. Pali wokumba dothi, nthawi zambiri la pachulu kapena m'mbali mwa dambo. Pali otunga madzi, kawirikawiri amayi amene amalipidwa powerenga ndowa. Pali woponda matope ndi mapazi mpaka afewe, kenako mwini chikombole, amene amaponyamo thope, kusalaza pamwamba, ndi kuthamanga nacho kukakhuthula pabwalo. Funso la m'buku limaganiza kuti munthu wachiwiri akabwera, njerwa zake zimangophatikizidwa pa za woyamba. Komatu chikombole chikakhala chimodzi, wachiwiriyo aziyima manja ali m'chiuno kudikira mnzake. Chitsime chikakhala kutali, ngakhale mutaitana amuna khumi amphamvu, liwiro la gulu lonse likhala la mayi amene akubwera ndi ndowa pamutu.

Nthawi zina buku limachita kuchepetsa. Anthu awiri odziwana bwino, wina akuponda wina akuumba, amatulutsa zambiri kuposa mmene akanachitira aliyense payekha, chifukwa palibe amene amasiya chikombole kuti akagwire khasu. Akapitawo odziwa ntchitoyi safunsa n'komwe kuti wachangu ndani. Amafunsa kuti ndani agwirizana ndi ndani.

Ndiye pali masiku amene sagawika. Njerwa zaziwisi zimafunditsidwa udzu kuti ziume pang'onopang'ono, chifukwa dzuwa likaziwomba mwadzidzidzi zimang'aluka. Uvuni ukapangidwa ndi kumatidwa, moto umasonkhezeredwa usana ndi usiku, pambuyo pake n'kuudikira kuti uzizire. Muwonjezere aganyu mmene mungathere, dzuwa ndi moto sizifulumira.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi kawerengedwe ka malipiro. Woumba salipidwa pa tsiku, amapangana mtengo ndi mwini ntchito pa kuchuluka kwa njerwa, ndipo zophwanyika siziwerengedwa. Choncho mnyamata wothamanga amene sanaponde bwino dothi, mkati mukadali zibuluma, angathe kudzaza bwalo lonse dzuwa lisanapendeke, koma tsiku lowerenga n'kupezeka kuti madala wina woumba modekha wamuposa. Bambo wa masiku 12 mwina ndiye waluso, ndipo pa pepala la mayeso palibe malo olembapo zimenezo.

Ntchitoyi payokha ili pa mphambano. Kuyambira 2018 njerwa zootcha zinaletsedwa pa zomangamanga za boma pofuna kuteteza mitengo, ndipo m'matauni ambiri atembenukira ku mabuloko a simenti. Kumeneko masamu a m'kalasi amayandikirako, poti makina amatulutsa pa mlingo wofanana. Kumudzi chikombole chikadalipo.

Aphunzitsi a masamu, funsoli musalichotse, ndi lothandiza pophunzitsa magawo. Koma mwana wa woumba njerwa akakweza dzanja kufunsa kuti zikombole zinali zingati, muyankheni bwinobwino.