Chigoba cha Halloween ndi ng'oma ya tchopa: Mkhristu ayeze ndi muyeso uti?

Mwezi wa Okutobala umafika ku Mulanje ndi dzuwa loswa mtengo, fumbi ndiponso ng'oma. Ku Chonde kumasonkhana chikhamu cha anthu pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 2007 ndi malemu Bingu wa Mutharika. Mwezi womwewo ukamatha, mafoni a achinyamata amadzaza ndi zithunzi za Halloween: anthu atavala ngati mizukwa, mfiti ndi mafupa oyenda. Mwambowu si wathu, komabe wayamba kuonekera m'malo ena achisangalalo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo funso lafika kale kwa abusa ndi akuluampingo lakuti Mkhristu angachite nawo kapena ayi. Ena amayankha msanga kuti zonsezo n'zausatana, ena amati ndi masewera chabe. Mayankho onse awiriwa amayang'ana chovala, pamene nkhani yagona pa zinthu ziwiri zina: ulemu ukupita kwa yani, ndipo mnansi wako akuvulala bwanji.

Mbiri ya Halloween ndi yosakanikirana. Tsikuli, pa 31 Okutobala, ndi madzulo otsogolera chaka cha Oyera Onse chomwe Akatolika amachita pa 1 Novembala, kenako pa 2 Novembala amapempherera akufa. Ku Ireland ndi ku Scotland masiku amenewa anakumana ndi mwambo wakale wa Samhain, wa nthawi imene zokolola zatha ndipo chisanu chayandikira. Anthu a ku Ireland omwe anathawa njala m'zaka za m'ma 1840 anapita nazo ku America, kumene zinasanduka malonda a maswiti ndi zovala. Choseketsa n'chakuti kwa a CCAP ndi ena a mipingo yokonzedwanso, 31 Okutobala ndi tsiku lokumbukira Martin Luther ndi mfundo zake 95 za mu 1517.

Otsutsa amati chiyambi cha chinthu ndicho chimachiweruza, ndipo amatchula Deuteronomo 18, pamene kuombeza ndi kufunsira kwa akufa n'zoletsedwa. Lemba limenelo ndi lomveka, koma likuletsa mchitidwe, osati nsalu. Mwana wovala chigoba amene akupempha siwiti safunsira kwa mzimu uliwonse. Chiyambi chokha chikanakhala muyeso, ng'oma sizikanalowa m'tchalitchi, chifukwa amishoni ambiri oyamba ankaziona ngati zachikunja, koma lero makwaya amaimbira ng'oma ndi visekese popanda wodandaula. Mtumwi Paulo anakumana ndi nkhani yolimba kuposa iyi ku Korinto, ya nyama yoperekedwa nsembe kwa mafano. M'machaputala 8 ndi 10 a kalata yake yoyamba analola kudya nyama yogulidwa pamsika popanda kufunsafunsa, analetsa kukhala nawo pa phwando la nsembe yeniyeniyo, ndipo anawonjeza kuti ufulu wako uusiye ngati ukugwetsa mbale wako. Apo ndiye pali muyeso, ndipo tikauika pa zochitika za kuno kwathu zotsatira zake zimadabwitsa.

Tiyambe ndi tchopa. Palibe chifukwa chobisira kuti guleyu ndi wa nsembe. Bungwe la UNESCO, pomulemba mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, linamutchula motero. Alhomwe ankavina tchopa pothokoza akakolola bwino kapena akabwerako bwino ku uzimba, komanso popepesa mizimu ya makolo kukagwa chilala kapena mliri. Ovina amavala zikopa ndi nthenga, ena atabereka kumsana katundu wa zida zolimira, zosakira ndi ziwiya zakale. Mkhristu amene waitanidwa kukathira nsembe kuti mizimu ibweretse mvula ali pa phwando lomwe Paulo analetsa lija, ndipo kukana kwake n'koyenera. Koma tchopa wovinidwa pabwalo la chikondwerero, pa mpikisano wa sukulu kapena polandira alendo, akufotokoza mbiri ya anthu omwe anachoka ku Mozambique n'kudzagwira ntchito yowawa m'minda ya tiyi ya Mulanje ndi Thyolo, kwa zaka zambiri akuchita manyazi ndi chinenero chawo. Kuvina pamenepo n'kukumbukira, osati kupembedza. Ku Mua, m'boma la Dedza, komwe amishoni ndi Nyau analimbana kwambiri m'zaka za m'ma 1920, bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976, ndipo zigoba za Gule Wamkulu zimasungidwa pa mishoni pomwepo kuti anthu aphunzire tanthauzo lake. Sikuti mipingo yonse inagwirizana nazo, ndipo amene chikumbumtima chake chikumuletsa kupita ku Chonde asanyozedwe. Aroma 14 akumuteteza. Kungoti nayenso asatche mnzake wakunja.

Halloween imapambana mosavuta pa funso loyamba, popeza ovala zigobawo sapereka nsembe kwa aliyense. Pa funso lachiwiri ndi pomwe imagwa, makamaka ku Mulanje. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu mpaka kufika ku Blantyre. Anthu anatchinga misewu, anagona panja m'magulu, ndipo angapo anaphedwa pongowaganizira kuti amapopa magazi. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi atanyamula zida zawo. Munthu wa ku New York akavala mano aatali n'kudzipaka utoto wofiira pakamwa amaseka chinthu chimene palibe akuchikhulupirira. Pa Chitakale kapena pa Limbuli chovala chomwecho chikuseweretsa mantha omwe anasiya maliro m'mabanja, ndipo chithunzi chake chikangolowa pa WhatsApp palibe angachibweze kuti afotokoze kuti zinali zocheza.

Wina anganene kuti kutero n'kugonjera umbuli, ndipo kuti kuseka mfiti kumachepetsa mphamvu ya chikhulupirirocho. Mfundoyi ili ndi nzeru, pakuti Akhristu amene amachita Halloween kunja amanenadi kuti akunyoza imfa yomwe Khristu anaigonjetsa. Koma chipongwe chimagwira ntchito pamene omvera akudziwa kuti ndi chipongwe. Kuno lamulo la za ufiti la mu 1911 likadalipo, loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti komanso kudzionetsa ngati mfiti, komabe mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno atanamiziridwa kuti ndiwo anatuma mphenzi yomwe inapha mtsikana. Chigoba cha mfiti cha Halloween chimajambula nkhalamba yamakwinya, yopanda mano, yoyenda ndi ndodo. M'midzi yathu nkhope imeneyo ndi ya agogo enieni, omwe ena mwa iwo amathamangitsidwa m'nyumba zawo ndi adzukulu awo omwe.