Asayansi akuumba miluza yoyerekeza kuti adziwe chimene chimachotsa mimba

Mayi akapita padera, pamudzi sipasowa wolozedwa chala. Ena amati mayiyo anasenza mtolo wolemera, ena amati bambo anayenda njira zosayenera mkazi ali ndi pakati, ndipo ena amangoyang'ana kunyumba ya nkhalamba ina imene sagwirizana nayo. Maukwati ena atha chifukwa cha nkhani zotere. Koma madokotala amati pa mimba 100 zilizonse zimene zadziwika, pafupifupi 15 zimachoka zokha, ndipo izi zimachitika m'maiko onse, kwa olemera ndi osauka omwe. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inalemba m'chaka cha 2021 kuti padziko lonse mimba zokwana 23 miliyoni zimachoka chaka chilichonse. Palinso zina zimene zimachoka mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Iye amangoona ngati wachedwa kusamba masiku angapo.

Zambiri mwa mimbazi zimachoka m'miyezi itatu yoyamba. Pafupifupi theka la izo zimachoka chifukwa chakuti malangizo a kakulidwe amene mluza unalandira kwa bambo ndi mayi, omwe amakhala m'tinthu totchedwa makromozomu, anaperewera kapena anapitirira muyeso. Pamenepa palibe amene analakwa. Koma pa mimba zina zambiri ngakhale dokotala wodziwa amasowa choyankha, pakuti masabata oyamba a moyo wa munthu amachitikira pobisika.

Mbewu ya bambo ikakumana ndi dzira la mayi pamapangika selo limodzi. Selo ndi kanthu kamoyo kosaoneka ndi maso, ndipo thupi lonse linamangidwa ndi maselo monga nyumba imamangidwira ndi njerwa. Selo limodzilo limagawikana kukhala awiri, anayi, mpaka pa tsiku la 5 kapena la 6 pamakhala kampira ka maselo pafupifupi 100, kochepa kuposa njere ya fodya. Kampirako kamamatirira kukhoma la chiberekero n'kudzikwirira momwemo, ndipo makina ounikira m'mimba satha kukaona kufikira patapita masabata angapo. Tsonotu nthawi imeneyi ndiyo ya ntchito yaikulu. Pofika tsiku la 14 kapena la 15 pamatuluka kamzera kosonyeza kumene kudzakhale mutu ndi kumene kudzakhale kumunsi, ndipo maselo amagawana ntchito m'magulu atatu: ena adzakhala khungu ndi ubongo, ena mafupa, minofu, magazi ndi mtima, ena matumbo, chiwindi ndi mapapo. Pafupifupi tsiku la 22 mtima umayamba kugunda, ndipo pofika tsiku la 28 kanjira kamene kadzakhale ubongo ndi mtsempha wa mumsana kamakhala katatsekeka.

Mlimi akafuna kudziwa chifukwa chake chimanga sichikumera, amafukula phando limodzi n'kuona, ndipo amangotaya mbewu zitatu basi. Pa mimba ya munthu sizingatheke kutero.

Khomo linatseguka pang'ono m'chaka cha 1978, pamene ku Oldham m'dziko la England kunabadwa Louise Brown, mwana woyamba amene dzira la mayi ake linakumanizidwa ndi mbewu ya bambo ake m'kambale ka mu labotale, kenaka n'kubwezeredwa m'chiberekero. Kuyambira apo asayansi ankatha kuona miluza ya masiku oyambirira, imene makolo ena ankapereka ikatsala. Koma anthu anafunsa kuti kodi zimenezi zilekezera pati. Komiti yotsogozedwa ndi Mayi Mary Warnock inalangiza boma la Britain m'chaka cha 1984 kuti mluza wa munthu usasungidwe mu labotale kupitirira masiku 14, ndipo m'chaka cha 1990 limeneli linakhala lamulo. Maiko ena ambiri anatsatira. Chimodzi mwa zifukwa zosankhira tsiku la 14 n'chakuti likadutsa, mluza sungagawikenso kukhala mapasa. Choncho chitseko chinatsekedwa pa tsiku lenilenilo limene maselo amayamba kugawana ntchito.

Njira yolambalala inachokera ku maselo amene pa Chingerezi amati stem cells. Awa ndi maselo amene sanasankhe ntchito, ndipo angathe kusanduka khungu, magazi, fupa kapena china chilichonse. M'chaka cha 1981 asayansi anatha kuwatenga m'miluza ya mbewa n'kumawaweta m'timbale, ndipo mu 1998 James Thomson wa ku Wisconsin, ku America, anachita chimodzimodzi ndi maselo a munthu. Kenaka Shinya Yamanaka wa ku Japan anapeza njira yobwezera selo wamba, monga la pakhungu la munthu wamkulu, kuti likhalenso ngati la mluza. Anayamba ndi mbewa mu 2006, anthu mu 2007, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel.

Chodabwitsa n'chakuti maselowa akaikidwa pamodzi m'madzi a chakudya choyenera, ena amayamba kudzikonza okha ngati ali m'mimba. M'mwezi wa Ogasiti 2022 magulu awiri, lina la Jacob Hanna wa pa Weizmann Institute ku Israel, lina la Mayi Magdalena Zernicka-Goetz amene amagwira ntchito ku Cambridge ndi ku California, analengeza kuti aumba miluza yoyerekeza ya mbewa popanda dzira, popanda mbewu ya yaimuna, popandanso chiberekero. Anailera m'timabotolo tagalasi tozungulira usiku ndi usana, mpweya wake uli woyezedwa bwino. Inakula kufanana ndi mluza wa mbewa wa masiku 8 ndi theka, ili ndi chiyambi cha ubongo ndi kamtima kogunda. Mimba ya mbewa imatenga masiku pafupifupi 20, ndiye kuti inatsala pang'ono kufika theka la ulendo, kenaka inaleka kukula. Ndipo sikuti zinkatheka kawirikawiri ayi: pa timagulu ta maselo 10,000 timene gulu la Hanna linayesa, pafupifupi 50 tokha ndi timene tinaumbika bwino.

Chaka chotsatira magulu omwewa ndi ena anafika pa maselo a munthu. Mu Seputembala 2023 gulu la Hanna linalemba m'magazini ya Nature kuti lalera maselo kwa masiku 8 mpaka anafanana ndi mluza wa masiku 14, waukulu pafupifupi theka la milimita, wokhala ndi maselo oyambitsa nsengwa ndiponso timatumba timene timazinga mluza. Madzi ochokera m'maselowo atawadonthezera pa kachida koyezera mimba, konga kamene anamwino amagwiritsa ntchito, kanasonyeza kuti pali mimba. Apanso zoumbika bwino zinali zosaposa zitatu pa 100 zilizonse.

Kodi tsono ameneyu ndi mwana? Asayansiwo amakana. Iwo amati n'chifanizo chabe, monga ng'ombe yadothi imene mnyamata amaumba kubusa: ili ndi nyanga ndi linunda koma singabereke. Pali umboni wina wowavomereza. Mu 2023 asayansi a ku Shanghai, ku China, anaika timiluza toyerekeza ta apusi m'ziberekero za apusi aakazi 8. Atatu anaonetsa zizindikiro za mimba, koma patangopita masiku ochepa zonse zinazimirira, osabadwa kanthu. Komabe fanizo la ng'ombe yadothi lili ndi polekezera, chifukwa dothi silikula pamene maselowa ndi amoyo, ndipo chaka ndi chaka zoumbazo zikunka zifanana ndi zenizeni. Lamulo la masiku 14 linalembedwa zinthuzi kulibe, choncho silizitchula. Bungwe la asayansi a ntchitoyi padziko lonse, la ISSCR, linaletsa mu 2021 kuika chifanizo cha mluza wa munthu m'chiberekero cha munthu kapena cha nyama, ndipo ku Britain mu 2024 anatulutsa malangizo akuti kafukufuku aliyense wotere aziyamba waunikidwa ndi komiti. Mpingo wa Katolika unanena kale mu 1987 kuti munthu ayenera kulemekezedwa kuyambira pamene mayi waima, ndipo umatsutsa kuononga miluza pofufuza. Amene akuda nkhawa sakulakwa kufunsa, pakuti ambiri mwa maselo oumbirawa anachokera koyamba m'miluza yeniyeni.

Phindu limene akuyembekezera n'looneka. Mluza weniweni ndi wosowa, koma zifanizo angathe kuumba mazanamazana, n'kusintha kanthu kamodzi pa china chilichonse kuti aone pamene kakulidwe kamapotokera. Angathenso kuyeserapo mankhwala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 amayi apakati m'maiko ambiri ankamwa mankhwala a thalidomide oletsa mseru, ndipo pomwe ankaletsedwa mu 1961, ana oposa 10,000 anali atalumala, ambiri manja kapena miyendo ili yosakwanira. Mankhwalawo ankaononga mluza pakati pa tsiku la 20 ndi la 36, nthawi yomweyo imene palibe amene ankatha kuiona.

Pakadali pano kafukufukuyu sanatulutse mankhwala oletsa kupita padera, ndipo aliyense amene angagulitse botolo ponena kuti lachokera kumeneko ndi wakuba. Zimene zingathandize mayi lero n'zodziwika kale. Malungo amachotsa mimba, chindoko chimapha mwana m'mimba, ndipo zonse ziwiri amayeza ndi kuchiza kuchipatala. Pa chindoko bambo nayenso ayenera kulandira mankhwala. Kafukufuku wotsogozedwa ndi a ku Britain anasonyeza mu 1991 kuti mapiritsi a folic acid amachepetsa kwambiri vuto la ana obadwa msana uli wosatsekeka. Koma popeza kanjira kaja kamatsekeka pofika tsiku la 28, mapiritsiwo amateteza msana wa mwana ngati mayi wayamba kumwa asanaime kapena atangoima kumene. Mayi amene amabisa mimba mpaka itaonekera, n'kukayamba sikelo ili ndi miyezi isanu, amakafika tsikulo litadutsa kalekale.