KAIKIDWE KA CHITOFU CHA GASI PA THEBULO LA M'KHITCHINI

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Chia. Azakhali anga anali atagula chitofu cha gasi, chamtundu uja chimene amachilowetsa m'bowo pa thebulo lophikira. Ineyo ndinali wopatsira mmisiri zipangizo, choncho ndafuna kugawana nanu zimene ndinaphunzira, chifukwa gasi ndi wantchito wabwino koma akamuika mosasamala angathe kupsereza nyumba ndi anthu omwe.

Ambirife tikudziwa kuti makala ndi nkhuni zikutha mitengo. M'chaka cha 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko yochepetsa kudalira makala, ndipo mu 2020 linakhwimitsa lamulo la za nkhalango. Ife a ku Nkhotakota tili ndi nkhalango yosungirako nyama imene a African Parks anayamba kuisamalira mu 2015. Banja lililonse lophikira gasi likupulumutsako mitengo ingapo.

Choyamba ndi kusankha malo. Chitofu chisakhale pansi pa zenera lokhala ndi makatani, pakuti mphepo ya mwera ikawomba imazimitsa moto gasi n'kumatulukabe, kapena imakankhira nsalu pa lawi. Chisagundanenso ndi khoma. Mipata yoyenera imalembedwa pa pepala la malangizo limene limabwera ndi chitofucho, ndipo mmisiri wanzeru amayamba waliwerenga.

Chachiwiri ndi kuboola. Mmisiri anayeza kawiri asanadule, popeza bowo likakula chitofu chimagwera m'kati, ndipo thabwa lodulidwa silibwereranso. Atatha kudula anapaka vanishi m'mbali monse mwa bowolo. Kuno kunyanja chinyontho n'chambiri, tsono thabwa losapakidwa limamwa madzi, n'kufufuma, kenaka n'kuwola. Amene thebulo lawo ndi la simenti ayenera kusiya bowolo pa nthawi yomanga.

Chachitatu, chimene ambiri amachinyozera, ndi kutseka mpata wa pakati pa chitofu ndi thebulo. M'katoni mumakhala kalamba kofewa ngati siponji. Kalambaka amakamata kunsi kwa chitofu m'mphepete monse, osasiya mpata ngakhale m'makona. Ntchito yake ndi yoti msuzi wa chambo kapena phala likasefukira lisalowe pansi, kumene lingaitane mphemvu ndi nyerere ndi kuchititsa dzimbiri. Ndinafunsa mmisiri chifukwa chimene sanangopakira silicone. Iye anati silicone amagwira ngati guluu, kotero tsiku lofuna kukonza chitofu mungathyole thebulo kapena galasi lake pochizula. Pambuyo pake anachikhazika m'bowo ndi kumanga tizitsulo togwirira kunsi, mofanana mbali zonse, osalimbitsa mopyola muyeso.

Chachinayi ndi kulumikiza gasi, ndipo apa m'pamene pagona moyo. Ntchitoyi si ya mwana wa sukulu ngati ine ayi, koma ya munthu amene anaiphunzira. Gasi wophikira amene timagula m'masilinda ndi LPG, ndipo malonda ake amayang'aniridwa ndi bungwe la MERA. Zitofu zina zochokera kunja zimabwera ndi timabowo totulutsira gasi wa mtundu wina, choncho mmisiri ayenera kuona ngati tikufunika kusintha. Paipi ikhale yopangidwira gasi, osati yothirira kudimba, ndipo isapindike kapena kukhudza malo otentha. Silinda iziima chilili pa malo opita mphepo. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, kotero akamatuluka amatsikira pansi n'kudzaza m'kabati. N'chifukwa chake kabatiyo iyenera kukhala ndi mabowo m'munsi.

Chachisanu ndi kuyesa. Mmisiri anasungunula sopo m'madzi ndi kupaka thovu molumikizira monse. Malo ena thovu linayamba kutupa, kusonyeza kuti gasi akutuluka. Anatseka silinda, n'kumanganso, n'kuyesanso mpaka thovu linakhala chete. Musayerekeze kuyesa ndi machesi. Atayatsa, lawi linali la buluu. Lawi lachikasu lodetsa mapoto limatanthauza kuti gasi sakupsa bwino, ndipo limatulutsa mpweya woipa umene ungaphe munthu m'chipinda chotseka.

Gasiyu mwachibadwa alibe fungo, koma opanga amathiramo mankhwala onunkha mwadala kuti tizimumva. Mukamva fungolo, tsekani silinda, tsegulani zitseko ndi mazenera, musayatse moto kapena kukhudza switchi ya magetsi, ndipo tulukani panja.

Makolo athu okondedwa, ndalama zolipira mmisiri wodziwa ntchito n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumba. Azakhali anga tsopano amatseka silinda usiku uliwonse asanagone, ndipo ana onse a pakhomopo anaphunzitsidwa pamene pali potsekera.