KUSANKHA MANKHWALA OYENERA POTSUKA REDIYETA

Alimi anzanga, lole yotengera fodya wathu ku Kanengo kapena ku Limbe, ndiponso thirakitala yolimira chimanga, zonsezi zimagwira ntchito chifukwa cha madzi oyenda m'kati mwa injini. Ambiri amati, "Kwathu kuno madzi saundana ndi chisanu, nanga mankhwala a m'rediyeta ngachiyani?" Maganizo otere aononga injini zambiri, pakuti mankhwala amene m'masitolo amawatcha coolant ali ndi ntchito zina ziwiri zazikulu: kuletsa dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira kwa madzi.

Madzi okha amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, koma kumtunda monga ku Dedza amawira msanga, pafupi ndi madigiri 95. Mukawasakaniza theka ndi theka ndi mankhwala a ethylene glycol, malire a kuwirawo amakwera ndi madigiri ngati 8, ndipo chivundikiro chabwino cha rediyeta chimawakwezanso. Pa dzuwa la mwezi wa Okutobala, lole itasenza katundu pachitunda, kusiyana kumeneku sikochepa ayi.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi: musasankhe mankhwala poyang'ana mtundu wake. Kubiriwira, kufiira kapena chikasu ndi utoto chabe umene opanga amathiramo monga afunira. Mankhwala enieni ali m'magulu atatu. Gulu lakale, lotchedwa IAT, ndilo linapangidwira injini zakale zachitsulo zokhala ndi rediyeta yamkuwa, ndipo mphamvu yake imatha pa zaka ngati 2. Gulu la OAT lili m'magalimoto ambiri atsopano okhala ndi aluminiyamu, ndipo limakhala zaka ngati 5. Lachitatu, HOAT, limatenga mbali za onse awiri. Mukaphatikiza magulu osiyana, mphamvu yoletsa dzimbiri imachepa, ndipo nthawi zina pamachita matope otseka timipope ta rediyeta.

Injini zina zazikulu za dizilo zimafunanso mankhwala oteteza masilinda kuti asabooke timabowo tonga tobaya ndi singano. Kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Chifukwa chake werengani buku la galimoto lanu, muone dzina kapena nambala ya mankhwala olembedwamo, ndipo muyerekeze ndi zolembedwa pachigubu musanapereke ndalama. Ngati buku linatayika, funsani makaniko wodziwa injini ya mtundu umenewo.

Potsuka, dikirani injini izizire, pakuti chivundikiro chotsegulidwa pa injini yotentha chimalavula nthunzi yosupula khungu. Khuthulani madzi akale, thirani madzi oyera, lizani injini mphindi ngati 10, ndipo ikazizira khuthulaninso. Bwerezani kufikira madzi atuluke oyera.

Dziwani kuti madzi ena otsukira amatsalira m'kati mwa injini. Mukathira mankhwala osakaniza kale, madzi otsalawo amawasungunula. Nkwabwino tsono kugula mankhwala osasakaniza. Ngati injini yanu imalowa malita 10, yambani mwathira malita 5 a mankhwala, kenaka mudzaze ndi madzi. Madziwo akhale osungunulidwa monga othira m'batire, kapena amvula osefa bwino. Madzi a pamjigo kawirikawiri ali ndi mchere umene umakakamira m'mipope monga zoyera zija za m'ketulo, ndipo injini imatentha ngakhale rediyeta ili yodzaza. Mukatha, lizani injini kuti mpweya utuluke, ndipo m'mawa mwake onaninso mlingo wa madzi.

Chomaliza, mankhwalawa amatsekemera koma ndi poizoni woononga impso. Madzi akale musawataye pabwalo pamene ana, agalu ndi nkhuku angamwe, kapena pafupi ndi chitsime. Asungeni m'chigubu chotseka, ndipo musagwiritse botolo la zakumwa.

Chitani ntchitoyi msika wa fodya usanatsegulidwe. Chigubu cha mankhwala oyenera ndi cha mtengo wochepa poyerekeza ndi injini yopsa panjira, mabelo ali pamwamba ndi kumwamba kutachita mdima.