Mitengo yaphuka mvula isanagwe

Mawu otitsogolera: Yeremiya 1:11-12, Luka 21:29-31

Mwezi wa Sepitembala suyamikidwa kawirikawiri. Mwera uja wa mu Juni ndi Julaye wangotha kumene, fumbi lili ponseponse, zitsime zayamba kuphwa, ndipo amayi akulawirira ku mjigo kusanache. Komatu ndi m'mwezi womwewu mmene Chauta amachita chodabwitsa chimene ambiri timangochidutsa. Kwezani maso ku mapiri a Dzalanyama, Chongoni kapena m'munsi mwa phiri la Zomba. Mitengo ya mombo ndi tsamba, imene inayoyola masamba m'chisanu, yavala masamba atsopano, ena ofiira psuu, ena onga mkuwa. Posakhalitsa onsewo asanduka obiriwira. Mvula yeniyeni inaleka kalekale mu Epulo, ndipo ina ikadali kutali.

Pakhomo napo zizindikiro zilipo. Mango aja anachita maluwa mu Ogasiti, njuchi n'kumasokosa m'nthambi, tsopano aonetsa timango tonga nsawawa. M'misewu ya Blantyre ndi Zomba jakaranda wayamba kutsanulira maluwa ake pansi. Kudimba mpiru ndi tomato zasangalala chifukwa chisanu chawaleka. Ngakhale pa lupsa, pamene moto unadutsa n'kusiya phulusa lokhalokha, patuluka msipu wanthete umene mbuzi zikuuthamangira.

Kumayiko a ku Ulaya nyengo yophukira imabwera chipale chikasungunuka, ndipo Pasaka amagwa m'nyengo imeneyo. N'chifukwa chake maulaliki awo ambiri amafanizira kuuka kwa Ambuye ndi maluwa oyamba a chaka. Kuno kwathu Pasaka amatipeza tikudya mondokwa ndi maungu, mvula ikutsazika. Mphukira zathu zimabwera nthawi ina, dzuwa likunka likulirakulira, nkhokwe zikunka zitsika. Ine ndimaona kuti m'menemu tinapatsidwa phunziro lozama kuposa la anzathuwo, pakuti mitengo yathu imaphuka zinthu zisanakhale bwino.

Odziwa za mitengo amatiuza kuti mombo umatha kutero chifukwa mizu yake inazama, ndipo unasunga chakudya m'mizu ndi m'thunthu kuyambira dzinja lapitalo. Kufiira kuja kumateteza tsamba lanthete kuti lisapse ndi dzuwa. Choncho mvula ikamafika, mtengo uli kale ndi masamba oilandirira. Amene amati chikhulupiriro ndi kutseka maso n'kudumpha akafunse kwa mombo. Uwo umaphuka chifukwa cha zimene unalandira kale, monga Mkhristu amene amaimba m'chaka chovuta pokumbukira zimene Ambuye anamuchitira zaka zam'mbuyo.

Mneneri Yeremiya ataitanidwa, m'chaka cha 13 cha ufumu wa Yosiya, Mulungu anamufunsa chimene akuona. Iye anaona nthambi ya mtengo umene Buku Lopatulika linautcha katungurume. Ku Palestina mtengowu ndi umodzi mwa yoyamba kuchita maluwa, cha mu Januwale kapena Febuluwale, ina yonse ikadali gwaa. M'Chihebri dzina lake ndi shaqed, ndipo limamveka pafupifupi chimodzimodzi ndi shoqed, kutanthauza wokhala maso. Yehova anagwiritsa ntchito kufanana kwa mawuwa pouza mnyamatayo kuti Iye ali maso kuti achite zimene ananena. Taonani kuti Mulungu sanayambe ndi bingu kapena chivomezi. Anayamba ndi kanthambi kamene mwana aliyense wa ku Anatoti anali atakaonapo. Ndipo uthenga umene Yeremiya anapatsidwa unali wowawa, pakuti Yerusalemu anadzagwa iye akuona. Nthambi ija inamutsimikizira chinthu chimodzi chokha, chakuti Mwini mawu sagona.

Ambuye Yesu nawonso analoza mkuyu ndi mitengo yonse, nati pamene yaphuka munthu amadziwa yekha kuti nyengo yayandikira. Pano ndiyenera kuchenjeza. Alipo alaliki amene atenga fanizoli n'kuyamba kuwerengera masiku a chimaliziro, pamene Ambuye yemweyo ananena pa Marko 13:32 kuti tsikulo alidziwa ndi Atate okha. Enanso amauza anthu osauka kuti akapereka lero, mawa lomwe alemera. Mlimi wa kumudzi amawaposa nzeru. Iye amadziwa kuti mvula ija imagwa mu Okutobala, imene makolo anaitcha chizimalupsa, ndi yozimitsa moto ndi kugonetsa fumbi basi. Amakondwera nayo, amanunkhiza fungo la dothi, koma mbewu yake imakhalabe m'thumba. Wobzala pa chizimalupsa nthawi zambiri amalira, chifukwa chimanga chimamera n'kupserera, ndipo mvula yobzalira ikamadza cha mu Novembala kapena Disembala, iye alibenso mbewu.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga izi mtima uli wolemera. Mabanja a kum'mwera sadzaiwala namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene anakokolola midzi, minda ndi abale awo. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Akuluakulu amakumbukiranso njala ya 2002, ndipo agogo ena ya 1949. Munthu wotere angafunse kuti, kodi tsamba lofiira lidyetsa ana anga? Iyayi, silingawadyetse. Koma nkhawa ili ndi chizolowezi choweramitsa mutu wa munthu mpaka saonanso china koma nkhokwe yake. Paja Ambuye polankhula ndi anthu odera nkhawa za chakudya ndi zovala, pa Mateyu 6, anawatuma kukayang'ana mbalame ndi maluwa akuthengo. Kuyang'anako kunali lamulo, ndipo analipereka kwa amphawi.

Tsono madzulo ano, dzuwa likapepa, tengani ana kapena adzukulu muzungulire nawo pakhomo. Aonetseni timango tija, muwauze kuti akatigenda lero sadzadya mango mu Disembala. Atchulireni mayina a mitengo, pakuti ana ambiri a m'tauni sasiyanitsa mbawa ndi mthethe. Ngati pafupi pali msangu, auzeni za khalidwe lake lachilendo: umakhala ndi masamba m'chilimwe n'kuwayoyola mvula ikayamba, kotero kuti chimanga chimakula bwino pansi pake. Kenaka pempherani pamodzi pemphero lothokoza, musanayambe kupempha.

Yobu, ali pakati pa masautso ake, anaona kuti mtengo wodulidwa umaphukanso ukangomva chinyezi (Yobu 14:7-9). Zitsa za m'minda mwathu zimachitadi zimenezi, ndipo ino ndiyo nyengo yake. Chimene chimazipha ndi ife eni. Timayatsa tchire pofuna mbewa zochepa, moto n'kupsereza mphukira zonse za m'phiri. Timagwetsa mango wobzala agogo kuti tiotchere njerwa. Akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano, nkhani imeneyi ndi yanunso, ikambeni m'milaga ndi m'miyambo ya pakati pa sabata. Pamene mukusosa, mapesi ndi zinyalala muzikwirire m'mizere m'malo mozitentha. Pa chitsa chilichonse chimene chaphuka musankhe mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo mudule, ndipo muzitchingire ndi minga kuti mbuzi zisadye.