Batire la Helikopita Lisagone Lokhuta

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti amalume anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatibweretsera kahelikopita kouluka ndi rimoti. Poti mng'ono wanga akadali mu Sitandade 6, udindo wotchaja batire lake unagwera ine. Tsiku lobwerera kuno ku seminale ndinachita chimene ndinkayesa kuti n'chanzeru: ndinalitchaja mpaka kudzaza, ndi kulitsekera m'sutikesi pamwamba pa kabati, kufupi ndi malata, kuti ndidzalipeze lokonzeka m'Disembala.

Nditafika m'Disembalamo ndinalipeza litafufuma ngati mandasi. Mng'ono wanga anathamangira msomali. "Achimwene, tiliboole mpweyawo utuluke!" Ndinamulanda msomaliwo, osati chifukwa chodziwa kanthu, koma poopa amalume. Pamene aphunzitsi athu a sayansi anandifotokozera chimene chikanachitika, thupi linandizizira. Tsono ndati ndikugawireni, owerenga okondedwa, makamaka inu makolo amene zidole zotere zimatsala m'nyumba mwanu ife tikabwera kuno.

Mabatire a timahelikopitati amatchedwa LiPo. Ndi a mtundu umodzi ndi a m'mafoni, a lithium, amene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991. Ngakhale ndege zazing'ono zopanda woyendetsa zimene boma ndi UNICEF anazitsegulira malo oyeserera ku Kasungu mu 2017, zambiri zimadalira mabatire a lithium omwewa. Amakondedwa chifukwa ndi opepuka koma amasunga mphamvu yochuluka.

M'kati mwa batire muli timatumba totchedwa maselo. M'selo iliyonse muli timapepala ta pulasi ndi ta mainasi tosanjikizana, tolekanitsidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi, ndipo zonsezi zanyowa ndi madzi ena ake amene amayaka ngati petulo. Kunja kulibe chigoba cholimba ngati cha batire la tochi, koma kathumba kofewa. Msomali ukaboola umalumikiza pulasi ndi mainasi, mphamvu yonse imatuluka nthawi imodzi, kutentha kumakwera, madzi aja amayaka, kenaka selo yoyandikana nayo imatengera. Motowu ndi wovuta kuzima chifukwa selo ikatentha kwambiri imatulutsa yokha mpweya wothandiza moto kuyaka.

Nanga lathulo linatupa bwanji popanda wolikhudza? Apa ndi pamene ndinalakwa ine. Selo imodzi imalembedwa mavolti 3.7, ikadzaza imafika 4.2, ndipo siyenera kutsika kupyola 3.0. Lathu linali la maselo awiri, ndiye linalembedwa 7.4, ndipo nditalidzaza linali pa 8.4. Selo ikakhala pa 4.2 masiku ambiri, madzi aja amayamba kuwonongeka ndi kutulutsa mpweya, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Taganizani kutentha kwa Okutobala pansi pa malata! Batire lodzaza silikhala likupuma monga ndinkaganizira. Likakhala osagwira ntchito kupitirira masiku awiri kapena atatu, liyenera kusungidwa pa mavolti 3.8 pa selo iliyonse, ndiye kuti lili ndi mphamvu pafupifupi theka. Matchaja abwino ali ndi batani lake lochitira zimenezi. Ngati yanu ilibe, ulutsani helikopita pang'ono musanasunge.

Kulisunga lopanda kanthu nakonso n'kulipha, popeza limataya mphamvu pang'onopang'ono ngakhale lili chikhalire, mpaka kutsika kupyola 3.0. Akuluakulu ena amati batire liyambe latheratu lisanatchajidwe. Langizo limeneli linali la mabatire akale a nickel-cadmium, osati awa. Helikopita ikangoyamba kufooka m'mwamba, itsitseni.

Potchaja, gwiritsani ntchito tchaja ya LiPo yokha. Batire la maselo awiri kapena kuposerapo lili ndi kapulagi kena koyera ka timawaya tating'ono. Kameneka sikokongoletsa ayi: ndi kamene tchaja imaonera selo iliyonse payokha, kuti ina isapyole 4.2 inzake isanadzaze. Liwiro nalo lili ndi malire. Batire lolembedwa 1000 mAh litchajidwe pa 1 A, la 2200 mAh pa 2.2 A, ndipo limatenga pafupifupi ola limodzi. Likangochoka mu helikopita limakhala lofunda, choncho lisiyeni liyambe lazizira.

Chimene ndikupempha kwambiri ndi ichi: musalitchaje palibe munthu woliyang'ana. Tonse tikuchidziwa chizolowezi chathu. Magetsi akathima timasomekeratu tchaja n'kukagona, kuti akabwera pakati pa usiku atipeze tasomeka kale. Ndi LiPo musayerekeze. Litchajeni masana, pa simenti, kutali ndi matiresi, makatani ndi denga laudzu. Kunja amagulitsa timatumba tosapsa totchajiramo, koma aphunzitsi anati mphika wadothi wothira mchenga pansi umagwira ntchito bwino, bola usatsekedwe zolimba. Pambali pakhale ndowa ya mchenga. Mukaona likutupa, likutentha kapena likununkha, zulani tchaja kukhoma, mulitulutse panja ndi mphika womwewo. Likayaka, thiranipo mchenga ndipo mutalikire, pakuti utsi wake ndi wapoizoni.

Lotupa silichira, ngakhale litaulutsabe helikopita. Lathu tinaliika mumchenga kuseri kwa nyumba, n'kulumikizako kababu kakang'ono mpaka mphamvu yonse inatheratu. Kudzala sitinalitaye, chifukwa kumeneko amayi amatentha zinyalala Loweruka lililonse.

Kunena zoona, kulembera amalume kalata kunandivuta kuposa zonsezi. Anangoseka, n'kutumiza lina ndi munthu wa basi, pamodzi ndi kachida koyezera mavolti. Pobwera teremu ino ndalisiya pa 7.6, mumphika, pansi m'chipinda chozizira bwino. Bambo alonjeza kumaliyeza pakutha pa mwezi uliwonse, ndipo mng'ono wanga, amene akung'ung'udzabe, adikira mpaka tidzatsekere.